Lipoti la ntchito yoteteza nyama, mitengo ndi dambo pomanga nthambi ya njanji kumpoto kwa Lusaka

Lipoti ili likufotokoza ntchito imene ndinayang'anira monga ofisala wa zachilengedwe pamene tinkamanga nthambi ya njanji ya makilomita ochepa kumpoto kwa mzinda wa Lusaka, m'dera la mafamu la pakati pa Ngwerere ndi Chisamba. Nthambiyo inapatuka pa njanji yaikulu, imene inafika ku Lusaka mu 1905 ndi ku Kabwe mu 1906, n'kulunjika ku malo atsopano osungirako ndi kupakirako chimanga, soya ndi feteleza. Mpata wa pakati pa zitsulo zake ndi mamilimita 1,067, wofanana ndi wa njanji yaikuluyo. Mwini ntchito, kontirakita ndi anthu amene ndinagwira nawo sindiwatchula mayina, popeza chofunika kwa owerenga ndi njira zimene tinatsata ndi zimene zinatulukamo.

Ndalemba chifukwa ntchito za njanji zikubwerera m'dziko muno. Njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860 kuchokera ku Kapiri Mposhi kukafika ku Dar es Salaam, inapeza mgwirizano woikonzanso mu 2025, ndipo palinso dongosolo la njanji yatsopano yochokera ku Copperbelt kudutsa m'chigawo cha kumpoto chakumadzulo kukalumikizana ndi ya ku Lobito, ku Angola. Anthu ambiri a ntchito zomangamanga amaona ngati nkhani ya nyama ndi ya ku Kafue National Park kapena ku Luangwa. Pa malo athu panalibe njovu kapena mkango, komabe panali zambiri zoti zikanawonongeka kosabwereranso. Zambiri zimene zinapulumuka zinapulumuka chifukwa cha pamene saveya anakhoma zikhomo, kukula kwa makalavati, ndi mwezi umene makina analowa. Kugwira nyama ndi kuisamutsa, kumene anthu amakonda kujambula zithunzi, kunathandiza pang'ono pokha.

Malamulo ndi zimene tinapeza pamalopo

Ntchito ngati iyi siyamba popanda chilolezo cha Zambia Environmental Management Agency, ZEMA, pansi pa lamulo la zachilengedwe nambala 12 la 2011 ndi malamulo ofufuza mmene chitukuko chingakhudzire chilengedwe. Kalata ya chilolezo imabwera ndi mfundo zoyenera kutsatidwa, ndipo mfundozo zimamanga mwini ntchito pamodzi ndi kontirakita wake. Lamulo la nyama zakuthengo nambala 14 la 2015 limaika umwini wa nyama iliyonse yakuthengo m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa dziko, kutanthauza kuti gwape wa pa famu ya munthu si wa mwini famu, ndipo woyenera kumugwira ndi wa Department of National Parks and Wildlife, imene likulu lake lili ku Chilanga. Mitengo ili pansi pa lamulo la nkhalango nambala 4 la 2015, pomwe kutunga kapena kupatutsa madzi kumafuna chilolezo cha WARMA, bungwe la boma loyang'anira madzi.

Lipoti limene linaperekedwa popempha chilolezo linalembedwa ndi kampani ina, ndipo kafukufuku wake anachitika m'nyengo yotentha, udzu utapsa kale. Linanena kuti malowo ndi minda ndi msipu, opanda nyama zofunika kuziganizira mwapadera. Munthu woyenda pamalopo mu Okutobala masana angaone chimodzimodzi. N'chifukwa chake ndisanavomereze kuti makina alowe ndinapempha kuti mzere wonse tiuyende wapansi, m'mawa kwambiri ndi madzulo, pamodzi ndi saveya, munthu wodziwa mbalame, ndi akuluakulu a m'midzi ya pafupi. Ambiri a iwo ndi anthu a kummawa amene anabwera kalekale kudzagwira ntchito m'mafamu n'kukhazikika pakati pa eni nthaka, ndipo malowo amawadziwa mpaka una uliwonse.

Tinapeza zinthu zitatu zazikulu. Panali mikuyu ikuluikulu yomwazikana mu msipu wa ng'ombe, ndipo ingapo inali pa mzere weniweni wa njanji. Panali dambo lotakata limene njanji inayenera kulidutsa chopingasa. Ndipo m'mbali mwa dambolo munali ziulu zakale zomera mitengo, zodzaza ndi mauna. Agogo ena aamuna, amene anaweta ng'ombe pamenepo kuyambira unyamata wawo, anationetsa pamene milamba imakwerera mu udzu mvula yoyamba ikasefukira, njira ya agwape yopita kumadzi, ndi chulu chimene nsato imagonamo. Tinaona ndowe za katumbu zodzaza zigoba za nkhanu, minga ya nungu ndi mapazi a ng'azi. Amayi anationetsa zitsime zawo za m'mphepete mwa dambo, madimba, ndi pamene amamweta tsekera wofolerera nyumba. Panalinso kamsitu ka manda, kamene amfumu ananeneratu kuti sikakhudzidwa, ndipo mzere unali utakalambalala kale.

Mikuyu

M'mikuyu ija munali mbalame yotchedwa Zambian barbet, ena amati Chaplin's barbet, imene sipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi kupatula mu Zambia. Ndi yoyera mutu ndi thupi, ili ndi zofiira mozungulira maso, ndipo mapiko ake ndi akuda okhala ndi timizere tachikasu. Imadya nkhuyu, imakhala m'timagulu, ndipo imaboola chisa chake m'nthambi zouma za mkuyu. Bungwe la IUCN, loona za kuteteza chilengedwe pa dziko lonse, limaiika m'gulu la zamoyo zimene zili pa chiopsezo, makamaka chifukwa mikuyu ikutha m'minda, ndipo dera la Chisamba ndi limodzi mwa malo odziwika kumene imapezeka. Mkuyu wokhala ndi nthambi zouma zokwanira chisa umatenga zaka makumi ambiri kuti ufike pamenepo, choncho lonjezo loti tidzabzala mbande khumi pa mtengo uliwonse wodulidwa silikanathandiza mbalame zimene zilipo lero.

Ndinapempha kuti mzere usunthidwe. Injiniya anayamba wakana, ndipo chifukwa chake chinali chomveka: njanji sikhota ngati msewu. Sitima yolemera imafuna khona lotambasuka ndi chitunda chochepa kwambiri, kotero kusuntha mzere mamita ochepa pa malo amodzi kumasintha mzerewo patali kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo kumasintha kuchuluka kwa dothi lokumba ndi lothira. Chinatithandiza n'chakuti nkhaniyi inabwera zikhomo zomaliza zisanakhomedwe ndipo mgwirizano wa malo ndi eni mafamu usanasainidwe. Saveya atayesanso anapeza kuti kuyambitsa khona msanga pang'ono kukanasiya mikuyu yambiri kunja kwa malire a ntchito, ndipo mtengo wa kusinthako unali wa masiku ake a ntchito ndi dothi lowonjezera pang'ono. Pempho lomwelo likanabwera mtumbira wa dothi woyalapo njanji utayamba kuthiridwa, palibe akanalimvera, ndipo ine sindikanawadzudzula.

Mikuyu iwiri sinatheke kuilambalala. Tinaiyang'anira mpaka titatsimikiza kuti munalibe mazira kapena ana, kenako inadulidwa ndi macheka, nthambi ndi nthambi, m'malo moikankha ndi buludoza. Zipika zokhala ndi mphako tinazikokera pansi pa mitengo yotsala. Yotsalayo tinaitchinga ndi mpanda mpaka kupitirira pamene nthambi zake zimalekezera, chifukwa mkuyu umafa pang'onopang'ono matipa akamaima pa mizu yake, ndipo madalaivala amakonda mthunzi wake masana. Panali mkangano wina waung'ono ndi a zachitetezo cha antchito, amene ankafuna kusadza nthambi zonse zouma kuti zisagwere anthu. Tinagwirizana kuti anthu ndiwo atalikire mitengoyo, nthambi zikhale.

Dambo

Apa ndi pamene panali ntchito yeniyeni. Pulani yoyamba inaika paipi imodzi yaikulu ya konkire pakati pa dambo, pamene panali kakhwawa kooneka ndi maso, ndipo kukula kwake kunawerengedwa kuti madzi a chigumula adutse osakokolola njanji. Kwa njanji yokha, kuwerengako kunali kolondola. Koma madzi a m'dambo sayenda m'khwawa mokha. Lusaka imalandira mvula ya mamilimita pafupifupi 800 pa chaka, pafupifupi yonse pakati pa Novembala ndi Epulo, ndipo dambo limaimwa mvulayo n'kumaitulutsa pang'onopang'ono, ina ikuyenda yomwazika pakati pa udzu, ina ikuyenda pansi pa nthaka, mpaka m'miyezi ya chilimwe. Mtumbira wa njanji ndi dothi lotsenderedwa ndi makina mpaka kulimba, ndipo ukadutsa chopingasa umachita zimene mzere wa m'munda umachita ukatchinga madzi pa malo otsetsereka. Kumtunda madzi amaima ndi kumiza udzu, pomwe kumunsi onse amatulukira pa kamwa limodzi mwamphamvu, n'kukumba ngalande yakuya. Ngalandeyo ikazama imayamba kukoka madzi a pansi m'mbali zonse ziwiri, ndipo m'zaka zochepa madimba ndi zitsime za kumunsi zimauma.

Nkhaniyi sinali ya midzi ya pafupi yokha. Timitsinje ta mbali imeneyi timathira mu mtsinje wa Chongwe, umene umamwetsa tauni ya Chongwe, imene yakhala ikusowa madzi m'zaka za chilala, ndipo umakathera mu Zambezi kumalire a Lower Zambezi National Park. Dambo limodzi silingaumitse mtsinje, koma madzi a mtsinjewo m'chilimwe amachokera m'madambo ngati limeneli.

Tinakhala pansi ndi injiniya wa zamadzi, ndipo amfumu ndi agogo aja anabwera nawo pamalopo. Iwo anaonetsa ndi ndodo pamene madzi amafika chaka cha mvula yambiri, patali ndithu ndi kakhwawa kaja, n'kutikumbutsa kuti madzi saiwala khwawa. Zimene tinagwirizana zinali izi. M'malo mwa paipi imodzi, tinaika makalavati a bokosi angapo motalikirana m'lifupi lonse la dambo. Pansi pa kalavati aliyense tinapamiza pang'ono kunsi kwa nthaka ya dambolo, kuti matope ndi timiyala tidzazemo ndipo nsomba zipeze pansi pofanana ndi pamene zazolowera. Kalavati amene pansi pake pakwera amapanga kamathithi pa kamwa la kumunsi, ndipo matemba ndi ana a milamba sangakwerepo. Pansi pa mtumbira wonse, m'chigawo cha dambo, tinayala miyala ikuluikulu yokutidwa ndi nsalu ya geotextile, kuti madzi a pansi apitirize kuyenda ndipo dothi lisatseke mipata ya miyalayo. M'makalavati awiri a m'mphepete tinamangamo alumali ya konkire m'mbali, yokwera kuposa madzi a masiku onse, yolumikizana ndi mtunda mbali zonse, kuti nungu, katumbu, ng'azi ndi nyama zina zazing'ono zidutse pouma. Mmodzi mwa awiriwo tinamukulitsa ndi kumuika pa njira ya agwape ija, chifukwa gwape salowa m'malo amdima amene sakuona potulukira.

Zimenezi zinakweza mtengo wa gawolo, ndipo mwini ntchito sanavomere chifukwa chokonda achule. Anavomera atamvetsa kuti madzi oima kumtunda kwa mtumbira amaufewetsa, ndipo njanji ya pa dothi lofewa imatitimira n'kufuna kukonzedwa chaka ndi chaka. Ofisala wa zachilengedwe aliyense ndimamulangiza kuti aphunzire mokwanira za ngalande ndi dothi, chifukwa m'dambo zofuna za injiniya ndi zofuna za nyama zimagwirizana kawirikawiri, ndipo mfundo imeneyi ndi imene imamveka m'chipinda cha misonkhano.

Dongosolo linali loti ntchito yonse ya m'dambo ichitike kuyambira Juni ndi kutha mvula isanayambe. Makalavati anachedwa kufika kuchokera kumene ankaumbidwa, ndipo mvula yoyamba inatipeza mbali imodzi ya mtumbira ili yosakutidwa. Usiku umodzi wa mvula yamphamvu, dothi lofiira linakokoloka, linagwetsa mpanda wotchinga matope n'kukwirira udzu wa kumunsi pamodzi ndi zitsime ziwiri. Ndinaimitsa ntchito yothira dothi m'gawolo ndipo ndinalemba lipoti kwa mwini ntchito ndi ku ZEMA, monga kalata ya chilolezo inkafunira. A kapitawo ankafuna kulowetsa makina kuti achotse matopewo msanga, koma makina olemera pa dambo lonyowa akanawononga kuposa matopewo. Tinalemba anthu a m'mudzi ndipo anachotsa ndi mafosholo ndi mawilibala, akuyenda pa matabwa. Zitsime zinakapidwa, ndipo pamene zinkayera kontirakita ankabweretsa madzi akumwa pa bauza. Mbali za mtumbira tinazikuta ndi dothi la pamwamba, tinabzala kapinga ndipo tinatchinga ndi mitolo ya udzu. Kuchokera pamenepo tinakhazikitsa lamulo loti gawo lililonse lothiridwa likutidwe lisanatsegulidwe lina, ngakhale kuti zimenezi zinkachedwetsa matipa.

Madzi otsukira mosakanizira konkire ndi oopsa kwa nsomba ndi achule kuposa mmene ambiri amaganizira, chifukwa ndi akali kwambiri: pH yake, muyeso wa ukaliwo, imafika cha m'ma 12. Tinakumba dzenje loyalidwa pulasitiki kutali ndi dambo, ndipo kutsukira kwina kulikonse kunali mlandu. Thanki ya dizilo inakhala pa konkire yozunguliridwa ndi khoma lotha kusunga maperesenti 110 a mafuta a m'thankimo, ndipo makina onse ankathiridwa mafuta ndi kusinthidwa oyilo pamenepo pokha.

Kulambula ndi nyama za pa mzere

Chida chimene chinandithandiza kwambiri chinali pepala wamba la chilolezo cholambula. Buludoza sinkaloledwa kulowa gawo latsopano popanda siginecha yanga ndi ya a kapitawo, ndipo mfundo imeneyi inalembedwa mu kontirakiti. Popanda kulembedwa motero, ofisala wa zachilengedwe amangokhala mlangizi amene amamvedwa pamene ntchito sikuthamanga. Gawo lisanasainidwe, malire ake ankamangidwa tepi, anthu ankayendamo pamzere akuyang'ana zisa, mauna ndi akamba, udzu unkamwetedwa kaye ndi manja, ndipo makina ankabwera mawa lake. Tinkalambula cholowera mbali imodzi, kuchokera ku njanji yaikulu kupita kutchire, kuti chothawa chikhale ndi kothawira. Kulambula ndi moto kunali koletsedwa.

Ziulu zimene zinali pa mzere tinazigumula pang'onopang'ono kuchokera pamwamba, munthu ataima pambali akuyang'ana chikho cha makina. M'chulu chimene agogo anationetsa munalidi nsato. Ntchito inaima mpaka a nyama zakuthengo atabwera kudzaitenga, ndipo kudikirako kunakwiyitsa woyendetsa makina, amene malipiro ake ena ankadalira kuchuluka kwa dothi. Titaona zimenezi tinagwirizana ndi kontirakita kuti maola oima chifukwa cha nyama azilipidwa, chifukwa munthu amene amaluza ndalama akanena kuti waona njoka sadzanenanso. Ngalande zonse zosiyidwa usiku zinkaikidwa thabwa kapena potsetsereka potulukira, ndipo m'mawa uliwonse zinkayenderedwa makina asanalizidwe. Tinkapezamo achule, akamba ndi tiana ta akalulu.

Zitsulo zitayalidwa panabuka vuto lina. Kamba akalowa pakati pa zitsulo ziwiri, nthawi zambiri kudzera pa mphambano ya msewu, amalephera kukwera chitsulo ndipo amayenda motsatira njanji mpaka dzuwa litamupha. Tinasiya timipata pansi pa zitsulo, pakati pa masilipa (mitanda yopingasa imene zitsulo zimagonapo), m'malo angapo pafupi ndi dambo ndi mphambano, pochotsako miyala ya kwale pang'ono. Timipata timeneti n'tosavuta kupanga, koma timatsekeka nthawi iliyonse imene miyala yawonjezeredwa.

Tsiku lina mlonda anapeza ngaka pafupi ndi mulu wa masilipa. Ngaka ikaopsezedwa imangodzipinda, choncho aliyense angainyamule, ndipo ku Lusaka kuli anthu amene amaifuna ndi ndalama. Malonda ake pakati pa mayiko analetsedwa kotheratu ndi pangano la CITES mu 2016, ndipo makhoti a m'dziko muno akhala akupereka zaka zisanu za ukaidi kwa opezeka nayo. Bambo ameneyu anachita zimene tinaphunzitsa: sanaigwire, sanaijambule, anaitana ine ndi a kapitawo basi, ndipo anakhala pomwepo mpaka a nyama zakuthengo atafika. Tinamuthokoza pamaso pa anzake patapita masiku, osatchula malo amene anaipeza.

Kampu

Pa ntchito zambiri zotere, nyama zimene zimafa ndi makina ndi zochepa poyerekeza ndi zimene zimafa chifukwa cha kampu. Amuna ambiri akakhala pamodzi kutali ndi kwawo, ndiwo zikakhala nyemba ndi soya tsiku ndi tsiku, msika wa nyama yakutchire umadzibweretsa wokha pa geti. Zidutswa za waya womangira zitsulo za konkire ndi za mabuleki zimasanduka makhwekhwe. Pa kuyendera kwathu koyamba m'mphepete mwa dambo tinachotsa makhwekhwe angapo, ena a waya wa pa ntchito yathu yomwe. Kuyambira pamenepo waya ankatuluka m'sitolo mowerengedwa, zidutswa zinkabwezedwa mu diramu yokhoma, agalu analetsedwa, ndipo kontirakita anavomera kugula nkhuku, mbuzi ndi masamba kwa alimi a pafupi, zimene zinakondweretsa mudzi kuposa msonkhano uliwonse umene tinachititsa. Wantchito mmodzi anapezeka ndi nyama ya gwape ndipo anachotsedwa ntchito. Sizinandikondweretse, chifukwa anali ndi banja, koma lamulolo aliyense analimva m'chinenero chake pa tsiku loyamba, ndipo kulekerera kamodzi kukanalithetsa mphamvu.

Msewu wa matipa unabweretsa vuto la mtundu wina. Makala a ku Lusaka ambiri amalowa mumzinda kudzera mbali ya kumpoto, ndipo msewu watsopano wolowa m'tchire ndi mwayi kwa owotcha ndi onyamula. Tinaika geti ndi mlonda, tinaletsa matipa kunyamula matumba a makala pobwerera, ndipo ntchito itatha msewuwo unagawulidwa ndi kubzalidwa udzu kupatula kagawo kofunika pokonza njanji. Mitengo yodulidwa pa mzere inawerengedwa ndi a zankhalango, ndipo nkhuni zake zinaperekedwa ku midzi kudzera kwa amfumu. Matipa ankayenda pang'onopang'ono ndipo usiku sankayenda, chifukwa achanga, akadzidzi ndi akalulu amafera pa msewu usiku.

Zomera zachilendo tinazisamala kuyambira pachiyambi. Aliyense amene anaona mmene Mimosa pigra inatsekera msipu wa ku Lochinvar, m'chigwa cha Kafue, amadziwa kuti njere zochepa zokakamira ku matayala zingathe kuwononga dambo lonse. Makina onse ochokera ku ntchito zina ankatsukidwa asanalowe, ndipo dothi lochokera pamalo pomera Lantana tinalikana. Dothi la pamwamba la pa mzere wathu linasungidwa padera, m'milu yosapitirira mamita 2, kuti njere za udzu wa pomwepo zisafe, ndipo ndi limene linabwezeretsa msipu m'mbali mwa njanji mofulumira kuposa mbewu yogula.

Maenje okumbamo dothi anabweretsa kusagwirizana kumene sikunathe bwinobwino. Chilolezo chinkafuna kuti akwiriridwe, koma eni ng'ombe anapempha kuti limodzi litsale losunga madzi. Pempho lawo linali ndi nzeru, komanso dzenje la makoma oongoka limamiza ana ndi ziweto ndipo limaswetsa udzudzu. Mwini ntchito atalemba kalata yopempha kusinthako ndi kuyankhidwa, dzenje limodzi linatsala, makoma ake anagonekedwa kuti chilichonse cholowamo chithe kutuluka, ndipo mbali yoyang'ana ku mudzi inatchingidwa. Ine ndikanakonda likanakhala kutali ndi njanji kuposa pamene lili, chifukwa madzi a pafupi ndi njanji amakoka ng'ombe ndi nyama kuti zizidutsa pa zitsulo.

Zotsatira ndi zotsala

Njanji itatha ndipo nyengo yathunthu ya mvula itadutsa, madzi anadutsa m'makalavati onse, kumtunda sikunaime dziwe, ndipo kumunsi sikunakumbike ngalande. Zitsime zimene tinkayeza mwezi ndi mwezi zinasunga madzi mpaka m'chilimwe monga eni ake ankazidziwira, ndipo anyamata anagwira milamba kumtunda kwa njanji, umboni woti nsomba zikukwera. Makamera otchera amene tinaika m'makalavati anajambula nungu, katumbu, ng'azi ndi mphaka wakutchire. Agwape anachedwa. Kwa miyezi yambiri mapazi awo ankaoneka akukwera mtumbira ndi kudutsa pamwamba pa zitsulo, ndipo anayamba kulowa m'kalavati wamkulu udzu ndi zitsamba za pa khomo pake zitakula. Mbalame zija zikadali m'mikuyu yotsala, ndipo nyengo yotsatira tinaona zikulowa ndi chakudya m'mphako ya mtengo umene uli pafupi kwambiri ndi njanji. Pamene panagwera matope paja udzu unamera, koma mitundu yake sinafanane ndi ya m'mbali, ndipo pafunika kuyang'anirapo zaka zingapo.

Njira zimenezi ndi za njanji yaifupi ya m'mafamu, kumene sitima zimayenda pang'onopang'ono. Njanji yodutsa m'njira za njovu, monga zilili ku Livingstone pafupi ndi Mosi-oa-Tunya National Park, imafuna zina zoposa apa. Ku Kenya, njanji ya Mombasa ndi Nairobi imene inatsegulidwa mu 2017 inamangidwa ndi milatho ndi mipata ya pansi m'dera la Tsavo, ndipo gawo lake lotsatira linadutsa Nairobi National Park pa mlatho wautali. Ngakhale kumeneko, funso la pamene mpata uikidwe limayankhidwa poyang'ana pamene nyama zimadutsa kale, mzere usanakhomedwe.

Popereka ntchito kwa mwini wake ndinalemba zinthu zoti zilowe m'dongosolo la okonza njanji, chifukwa iwo sanali nafe pomanga. Makalavati ayeretsedwe chaka chilichonse mvula isanayambe, koma matope a pansi pake asakokolodwe mpaka kufika pa konkire. Timipata ta akamba titsegulidwenso miyala ikawonjezeredwa. Mankhwala opha udzu asapoperedwe m'chigawo cha dambo, udzu wa pamenepo uzimwetedwa ndi manja. Chimanga ndi soya zotayikira pa njanji zizisesedwa msanga, chifukwa zimaitana nkhanga, njiwa ndi mbewa, ndipo pambuyo pake pamabwera akadzidzi ndi nyama zina zimene sitima imagunda. Nthambi zouma za mikuyu zisasadzidwe popanda kufunsa wodziwa mbalame. Mwini ntchito anasaina mfundozi ndipo anavomera kulipira kuyendera kwa kawiri pa chaka, kumapeto kwa mvula ndi kumapeto kwa chilimwe, kwa zaka zimene chilolezo chinatchula. Nkhani ya mpanda wolondolera ng'ombe kuchoka pa dzenje lija kupita ku mphambano yovomerezeka ikadali pa tebulo pakati pa mwini ntchito, eni mafamu ndi amfumu, ndipo ndinapempha kuti ithe mvula ikubwerayi isanayambe.